Kupalira Sikuthera pa Khasu

Munthu aliyense amene adagwirapo khasu amadziwa kuti m'munda simumera zokhazo zimene mwini wake adafesa. Mvula ikagwa, kapena madzi a m'kheni akangonyowetsa nthaka, mbewu ndi udzu zimadzukira pamodzi, ndipo kawirikawiri udzu ndiwo umatsogola. N'chifukwa chake makolo athu adati mmera mpoyamba, pofuna kutichenjeza kuti wochedwa kupalira amakolola misozi. Mawuwa ndi oona ndithu. Komabe pa zaka zimene ndakhala ndikulima dimba la kwathu, m'mbali mwa mtsinje wa Shire pakati pa boma la Mangochi ndi nyanja ya Malombe, ndaona kuti kulawirira kokha sikukwanira. Alipo alimi akhama amene amafika kudimba tambala asanatsike, koma udzu wawo suchoka. Amaupalira Lolemba, pofika Loweruka wabwerera. Alimi oterewa sikuti khasu lawo ndi lobuntha ayi. Chimene chimawagonjetsa ndi chakuti sasamala za kumene udzuwo ukupita akauzula.

Nzeru imeneyi ndidaiphunzira kwa agogo anga aakazi, amene ife tonse tinkawatcha anganga, monga mwa chizolowezi cha kuno kunyanja. Dimba lathu lidali lawo. M'menemo ankalimamo mpiru, matimati, anyezi, therere ndi chimanga chodya chachiwisi, ndipo ndalama za ndiwo zimenezi ndizo zinkatigulira sopo, mchere ndi makope a kusukulu. Choncho udzu ukapambana m'dimbamo, njala yake inkafika mpaka m'kalasi.

Chinthu choyamba chimene adatiphunzitsa ndi chakuti si chomera chilichonse chodzimerera chokha chimene chili mdani. Tikamapalira ankatiyang'anitsitsa kuti tisadule bonongwe, luni, denje, chisoso kapena mwamunaaligone, popeza zonsezi ndi ndiwo. Ankazisiya m'mphepete mwa mabedi, n'kumazithyola zisanachite maluwa. Nditakula ndidadabwa kumva kuti chisoso ndi mwamunaaligone kwawo kwenikweni ndi ku America, ndipo zidafika kuno kalekale mpaka tidazipatsa mayina athu. Apa mpamene ndidazindikira kuti chomera sichiipa chifukwa chakuti ndi chachilendo. Mlendo amene akudziwa malo ake, nathandiza pa mphika, timamulandira. Woopsa ndi uja amene ukampatsa mkeka amafuna nyumba yonse.

Chachiwiri chimene adatiphunzitsa ndicho chachikulu. Ankati udzu uliwonse uli ndi pamene udabisa moyo wake, ndipo munthu asanakweze khasu ayenera kudziwa malowo. Wina moyo wake uli m'mizu, wina uli m'tsinde, wina uli m'njere. Amene sadziwa zimenezi amaganiza kuti akupalira pamene akuwokera.

Taonani udzu wa dawe, umene umakonda nthaka yachinyontho ya m'madimba. Pamwamba umaoneka wofooka, timasamba towonda tobiriwira basi. Koma pansi uli ndi timibulu tolimba, tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Mukadula masamba okha, kambulu kalikonse kamatulutsa mphukira yatsopano. Mukadula ulusi uja, mwadzutsa ndi tina timene tidali m'tulo. Anganga sankalimbana ndi dawe nthawi ya chinyezi. Ankadikira mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa la ku Mangochi limatentha mpaka mchenga kuwotcha mapazi, n'kugalauza nthaka mozama kuti timibulu tija tikhale pamtunda. Ife ana tinkatsatira pambuyo ndi lichero lakutha, kutolera kamodzikamodzi, n'kukatiyanika pa lata lakale. Dzuwa ndilo linkamaliza ntchito.

Kapinga naye ali ndi machenjera ake. Amayenda chokwawa, pansi ndi pamwamba pomwe, ndipo mfundo iliyonse ikakhudza dothi imamera mizu. Mukamuduladula ndi khasu n'kumusiya pomwepo, ndiye kuti mwamuchulukitsa. Khovani ndiye amaposa onse. Tsinde lake ndi lamadzimadzi, moti mukamuzula n'kumuunjika mumzere amatha masiku angapo asanafe, ndipo mame akamugwera amagwiranso nthaka. Kuwonjezera apo, khovani amachita maluwa ena pansi pa dothi, amene amabereka njere munthu osaziona. Chifukwa cha ichi, pakhomo pathu padali lamulo lakuti khovani ndi kapinga sagona m'dimba. Tinkawanyamula tsiku lomwelo, wina kukapatsa mbuzi, wina kukamuyanika pa thandala mpaka aume gwaa.

Kuseri kwa nyumba, kumene tinkalima kachigawo ka chimanga cha mvula, mdani adali kaufiti. Maluwa ake ofiira ndi okongola ndithu, koma akamaonekera amakhala atamaliza kale kuba. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, chomera chimodzi chimabereka zikwizikwi, ndipo zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10 zikudikira. Zimadzuka zikamva kuti muzu wa chimanga wayandikira, n'kudziphatika pamenepo ndi kuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya. Chimanga chimapinimbira ngakhale mvula ikugwa bwino, ndipo mwina ndi chifukwa chake makolo adamutcha dzina la ufiti. Mankhwala ake tidawapeza m'khola ndi m'nkhokwe: kuthira manyowa, popeza kaufiti amakondwa m'nthaka yoguga, kusinthanitsa chimanga ndi mtedza kapena nandolo, ndiponso kumuzula maluwa asanakhwime n'kumutentha. Womuzula atakhwima n'kumutaya m'malire amakhala wafesera mnzake ndi iye mwini.

Udzu wonse ndatchulawu makolo athu adaudziwa kuyambira kale, ndipo adasiya njira zoulakira. Vuto lalikulu lidadza ndi zomera ziwiri zimene anganga sadazione pa utsikana wawo kumudzi kwathu, ndipo zonse ziwiri zidalowa m'dziko chifukwa cha kukongola.

Choyamba ndi chitsamba cha lantana, chija cha timaluwa tosakanikirana mitundu, tachikasu, tofiirira ndi toyera, chokhala ndi timinga ting'onoting'ono ndi fungo lamphamvu. Kwawo ndi ku America wapakati ndi wakummwera, ndipo chidafalitsidwa m'maiko otentha ngati duwa la pabwalo. Kwathu anthu adachikonda chifukwa chimapanga mpanda wothithikana umene mbuzi sizidutsa. Mnansi wathu wina adachibzala kuzungulira dimba lake, ndipo zaka ziwiri zoyamba aliyense ankamuyamikira. Kenaka mpanda uja udayamba kubereka tizipatso takuda. Apumbwa ndi mbalame zina zinkadya tizipatsoto n'kukataya njere paliponse pamene zatera: pansi pa mlambe, m'mbali mwa khola, pa chulu, ndi m'dimba mwathu momwe. Pamene lantana wakhazikika, msipu sumeranso, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe zikawadya. Adanena akuluakulu kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lantana mukamudula ndi chikwanje amaphukanso ndi nthambi zochuluka kuposa kale. Mukamutentha ndi moto amadzukanso pachitsa mvula yoyamba ikangogwa. Njira yake ndi kukumba chitsa chonse nthaka ikadali yofewa, ndi kuzula timbande tikadali tating'ono. Ife tinkachita zimenezi chaka ndi chaka, koma mbalame sizidziwa malire a munda. Pokhapokha mnansi uja atavomera kugwetsa mpanda wake, naikapo wa bango, mpamene timbande tidayamba kuchepa. Kuti avomere padatenga nthawi, ndipo sadavomere chifukwa cha mawu athu ayi, koma chifukwa mpandawo udali utadya kale mabedi ake awiri.

Chomera chachiwiri ndicho chidasintha moyo wa onse okhala m'mbali mwa mtsinje. Ameneyu ndi namasupuni, amene dzina lake lidachokera ku masamba ake onga supuni. Kwawo ndi ku chigwa cha mtsinje wa Amazon, ku South America. Anthu adamutenga kumeneko chifukwa cha maluwa ake obiriwira mofiirira, okhala ndi kadontho kachikasu, namubzala m'maiwe okongoletsa nyumba m'maiko osiyanasiyana. Kuchokera m'maiwemo adalowa m'mitsinje. Kuno ku Malawi adayamba kuoneka kumunsi kwa Shire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 adali atafika kumtunda kuno kwathu. Nthawi yomweyo adali akusautsanso anthu a ku nyanja ya Victoria, kumene adatseka madooko mpaka ngalawa kulephera kutuluka, ndiponso a ku nyanja ya Chivero pafupi ndi Harare.

Mphamvu ya namasupuni ili pa kuswana. Mapesi ake ndi otupa, odzaza ndi mpweya, choncho amayandama ndi kupita kulikonse kumene mphepo ndi madzi zamutuma. Chomera chimodzi chimatulutsa timphukira m'mbali, timphukirato n'kukhala zomera zokhazokha, moti m'madzi ofunda ndi achonde amatha kuwirikiza kawiri pa masabata awiri okha. Njere zake zikamira m'matope zimatha kukhala zamoyo mpaka zaka 20. Kwawo ku Amazon kuli tizilombo timene timamudya ndi kumuchepetsa mphamvu, koma adabwera kuno wopanda adani akewo.

Wina angafunse kuti chomera cha m'madzi chikukhudzana bwanji ndi dimba. Yankho lake ndi lakuti dimba la m'mbali mwa Shire limapuma ndi mtsinje. Madzi akakwera amalowa m'madimba, akamaphwa amasiya chinyontho ndi chonde chimene timabzalapo. Kuyambira pamene namasupuni adafika, madziwo akamabwerera ankasiya chiphasa chobiriwira pamwamba pa mabedi. Ngalande imene tinkatungamo madzi othirira idatsekeka. Pa dooko, amayi ankayamba akankha udzu asanamize ndowa, ali ndi mantha, popeza pansi pa chiphasa chotero ng'ona imabisala bwino. Madzi osayenda aja adasanduka malo a udzudzu ndi nkhono zimene zimafalitsa likodzo. Asodzi nawo ankadandaula kuti maukonde akukodwa ndipo mabwato akulephera kufika kumtunda.

Anthu a m'mudzi mwathu adagwirizana zochotsa udzuwo pa dooko, ndipo njira imene idaoneka yapafupi idali yoti aukankhire pakati pa mtsinje kuti madzi autenge. Tsiku limenelo abambo adabwera ndi nsungwi zazitali, ndipo ntchito inkayenda mofulumira ndi nthabwala. Anganga adaima pamtunda, manja kumbuyo, mpaka adalephera kupirira.

"Achimwene, kodi udzuwu mukuutumiza kwa yani?" adafunsa mmodzi wa akuluakulu aja.

"Ukupita ndi madzi, mayi. Ife tapuma," adayankha bamboyo.

"Madziwo akupita kwa anthu," adatero anganga. "Kumunsiku kuli madimba ngati athu omwewa. Nanga a kumtunda akamachita chomwechi, mawa tidzadzuka tikukankha wa yani?"

Ena adaseka, ena adati nkhalamba ikuchedwetsa ntchito. Koma anganga adatiitana ife adzukulu awo. "Iwe, tenga chingwe ndi khasu. Wathu tikokera kumtunda." Tidagwira ntchito imeneyo masiku anayi, ndipo idali yowawa, chifukwa namasupuni ndi wolemera, gawo lake lalikulu ndi madzi okhaokha. Tinkamukokera kutali ndi mtsinje, pamalo pamene madzi safika ngakhale chaka cha mvula yambiri, n'kumuyala padzuwa. Atafota tidamuunjika m'dzenje mosinthanitsa ndi ndowe za mbuzi, phulusa ndi mapesi a chimanga. Patapita miyezi itatu tidafukula manyowa akuda, ofewa, onunkhira dothi. Chaka chimenecho matimati athu adabereka mpaka tidachita kuwaikira mitengo iwiriiwiri. Amene ankaseka aja adabwera kudzafunsa, ndipo anganga adawauza zinthu ziwiri zoti asaiwale: amuvuule asanachite maluwa, kuti njere zisalowe m'manyowa, ndipo dzenje likhale kutali ndi madzi.

Anganga sadapiteko kusukulu, ndipo sadaone kumene mtsinje wa Shire umathera. Koma funso lawo lija lidali lalikulu kuposa mmene iwo ankaganizira. Shire ndiye mtsinje wokhawo umene umatulutsa madzi m'nyanja ya Malawi. Ukadutsa pa Mangochi umalowa m'nyanja ya Malombe, n'kutulukanso kulowera ku Liwonde, kumene kuli Kamuzu Barrage imene idamangidwa mu 1965. Kumunsi kwake kuli malo opangira magetsi a Nkula, amene adayamba kugwira ntchito mu 1966, a Tedzani, ndi a Kapichira amene adatsegulidwa mu 2000. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera m'malo atatu amenewa. Udzu woyandama ukafika kumeneko umatseka zitsulo zosefa madzi olowa m'makina, ndipo makinawo amayenera kuimitsidwa kuti auchotse. N'chifukwa chake pa Liwonde adatchingapo chotchinga chogwira udzu, naikapo makina ouvuula. Tsono taganizani: udzu umene munthu waukankha ndi nsungwi pa dooko la kwawo ungathe kukazimitsa nyale ya wophunzira amene akukonzekera mayeso ku Blantyre kapena ku Mzuzu.

Boma nalo lidachitapo kanthu. Kuyambira mu 1995 nthambi yoona za nsomba idayamba kumwaza m'mtsinje tizilombo totchedwa Neochetina, tofanana ndi anankafumbwe, timene kwawo ndi komwe kudachokera namasupuni, ndipo tina tinkaweteredwa konkuno ku Mangochi. Tizilomboti sitidya mbewu zathu. Tatikulu timakukuta masamba a namasupuni, pamene mphutsi zake zimaboola mapesi, madzi n'kulowamo, chomera n'kuwola ndi kumira. Njira yomweyi idathandiza kwambiri ku nyanja ya Victoria chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ngakhale zili choncho, tizilomboti timangochepetsa mphamvu ya udzuwu, sitiumaliza. Njere zija zili m'matope zikudikira. Mu 2024, pamene nyanja ya Malawi idakwera kwambiri mpaka kumiza nyumba ndi minda m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje, dimba lathu lidakhala pansi pa madzi miyezi ingapo, ndipo madziwo ataphwa tidayambanso ntchito ya chingwe ndi khasu monga kale.

Masiku ano m'misika muli mankhwala opopera udzu, ndipo achinyamata ambiri amawakonda chifukwa sapweteketsa msana. Sindikunena kuti alibe ntchito. M'munda waukulu wa kumtunda, munthu wotsata malangizo angathe kupindula nawo. Koma m'dimba la m'mbali mwa madzi ine sindiwalola. Dimba ndi laling'ono, ndiwo zake timathyola tsiku ndi tsiku, ndipo chimene chathiridwa pamenepo mathero ake ndi mumtsinje momwe timamwa ndi kuphamo nsomba. Ndiponso mankhwala sasiyanitsa khovani ndi bonongwe. Munthu amene wapopera dimba lonse wapha mdani pamodzi ndi ndiwo za mawa.

Pali chinthu chinanso chimene ndimakana pakhomo panga, ngakhale ana amandiona ngati wouma mtima. Mwana akabwera ndi duwa la namasupuni kuti alisunge m'beseni, kapena mlendo akandipatsa kambewu ka maluwa kamene sindikukadziwa, ndimayamba ndafunsa kuti kamaswana bwanji, ndipo kakandikanika ndidzakachotsa bwanji. Zomera zambiri zimene zikusautsa maiko lero sizidachite kuthyola mpanda polowa. Zidanyamulidwa ndi manja a anthu okonda zokongola, zidathiriridwa ndi kutetezedwa ku mbuzi, kufikira tsiku limene zidadumpha mpanda. Mu 2000 akatswiri a bungwe la IUCN adalemba mndandanda wa zamoyo 100 zolowerera zowononga kwambiri pa dziko lapansi, ndipo namasupuni ndi lantana onse awiri alimo. Khomo limene adalowera ndi bwalo la nyumba.

Tsono inu amene mukuwerenga nkhaniyi, ambiri mwa inu mudzakhala ndi kadimba kanu, kaya kumudzi kaya kuseri kwa nyumba ya m'tauni. Mukadzaona chomera chimene simudabzale, musadzathamangire khasu. Yambani mwachidziwa: kodi ndi ndiwo kapena ndi mdani? Ngati ndi mdani, moyo wake waubisa pati? Mukachizula, dzifunseni funso la anganga lija, lakuti mukuchitumiza kwa yani. Cha mizu chiyanikeni padzuwa, cha njere chitentheni chisanakhwime, chimene chingawole chisandutseni manyowa, koma musachiponye kuseri kwa mpanda, mumsewu kapena mumtsinje. Ndipo mukaona kuti udzu wa mnzanu ukumupambana, musamuseke. Tengani khasu mukamuthandize, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mbalame, mphepo ndi madzi sizidziwa kuti dimba ili ndi la yani, ndipo munda wa munthu mmodzi sungayere pakati pa minda ya tchire.